Mwana akakodza magazi musamati wakula

Makolo anzanga a ku Chikwawa ndi ku Nsanje, nkhaniyi yandikhala pamtima. Tsiku lomwe azaumoyo anabwera kusukulu ndi mapiritsi a likodzo, ndinaona mayi akumuchotsa mwana pamzere, ati mankhwalawo amachititsa chizungulire. Madzulo ake mwana yemweyo ali chubwi m'ngalande, kabudula ali madontho ofiira kutsogolo. Bambo ake n'kumaseka: "Wakula ameneyu. Nanenso ndinkakodza magazi, nanga ndafa?"

Bambo, kupulumuka kwanu si umboni. Kukodza magazi ndi chizindikiro cha likodzo, ndipo likodzo lingathe kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Akatswiri oyeza chiopsezo cha khansa sawerenga munthu mmodzi, amawerenga gulu. Amatenga odwala khansa ya m'chikhodzodzo, n'kutenganso ena a msinkhu womwewo amene alibe khansayo, kenako n'kufufuza kuti amene anakhala ndi likodzo achuluka mbali iti. Amafunsanso za fodya, poti nayenso amayambitsa khansa yomweyi, kuti mlandu usagwere wosalakwa. Ku Cairo, m'dziko la Egypt, dokotala A. R. Ferguson analemba za ubale wa likodzo ndi khansayi kale mu 1911, ndipo mu 1994 bungwe lofufuza za khansa la IARC, lomwe lili pansi pa bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, linaika nyongolotsi ya likodzo lokodzetsa magazi m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Sikuti aliyense wodwala likodzo adzadwala khansa, ayi. Koma mwana wanu mukumuika dala mbali imene odwala amachuluka.

Mazira a nyongolotsiyi amakanirira m'khoma la chikhodzodzo n'kumachita zilonda mwakachetechete, zaka ndi zaka. Khansa imadzatulukira munthu ali ndi banja, zosambira m'ngalande zija ataziiwala kalekale.

Nanunso asodzi a ku Elephant Marsh ndi ku Ndindi, ndi inu a m'minda ya mpunga, manyazi mulibe? Mukakodzera m'madzi mazira aja amaswa, tizilombo timalowa mu nkhono, n'kutulukamo kudzaboola khungu la mdzukulu wanu amene akusamba kumunsi. Chimbudzi chikakokoloka ndi madzi osefukira, kumbani china. Potalikira chimbudzi, tulukani m'madzi mukakodze kumtunda kouma.

Azaumoyo akabweranso, mwana adye kaye phala kapena nsima, amuyeze kutalika pandodo yodziwira mlingo wa mankhwala, amwe mapiritsi ake a likodzo otchedwa praziquantel. Chizungulire chimatha. Ndipo inu akuluakulu amene mukuona magazi mumkodzo, lekani kuwiritsa mizu mobisa, pitani kuchipatala sabata ino akakuyezeni mkodzo.