Alembi a mabungwe, maimelo a anzanu si katundu wanu

Inu amene mumasunga mndandanda wa mamembala m'mabungwe athu a ogwira ntchito m'malaibulale, tamverani kuno. Munthu walipira ndalama ya umembala kuti azimva za maphunziro ndi misonkhano. Mwezi usanathe, imelo yake yadzaza ndi alendo: uyu akugulitsa mashelefu, uyu makina a fotokope, winayo ali ku Johannesburg koma akumutchula dzina ndi udindo womwe, ngati anadyerapo mbale imodzi. Anazitenga kuti zimenezi? Kwa inu nomwe.

Njira yake timaidziwa. Pamsonkhano uliwonse muno mu Blantyre pepala limazungulira: dzina, kumene mukugwira ntchito, nambala ya foni, imelo, kusaina. Aliyense amalemba mwachangu poti alawansi imatulukira pomwepo. Nthawi ya tiyi pepala lija limasiyidwa patebulo pambali pa masamusa, ndiye bambo wamalonda uja wabweretsa mabolopeni ndi matisheti amangotulutsa foni n'kujambula. Enanu mumachita kupereka ndi manja awiri, ati "anatithandiza madzi akumwa". Madzi a m'botolo ndiye mtengo wa maina a holo yonse? Manyazi bwanji!

Palinso ulesi wina. Mlembi akulemba uthenga, maadiresi onse wawaunjika pa CC, poyera. Mmodzi akangoutumiza kwa mnzake wa bizinesi ku Limbe, mndandanda wonse wapita. BCC, imene imabisa maadiresi kuti olandira asaonane, ili pomwepo, siilipiritsa. Za kulowetsa wamalonda m'gulu la WhatsApp la mamembala ndiye sindinena zambiri: akalowa amaona nambala ya aliyense.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife ndi anthu osunga zinsinsi. Mwana wasukulu wa ku MUBAS kapena ku KUHeS akabwereka buku la matenda amene sangawatchule pagulu, sitiuza munthu, ngakhale bambo ake atabwera ndi ukali. Malamulo a khalidwe a bungwe la malaibulale padziko lonse la IFLA, a chaka cha 2012, amanena zomwezo. Ndiye wowerenga timubisire, koma mnzathu wa pa desiki yoyandikana timuyalutse?

Musaganize kuti ndi nkhani ya ulemu wokha. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu, kuphatikizapo makalata ndi mauthenga ake. Mu 2016 kunabwera lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo mu 2024 kunabweranso Data Protection Act, lomwe MACRA ndiyo ikuliyang'anira. Mfundo yake ndi yosavuta: zimene munthu wakupatsani pa cholinga china, simungazigwiritse ntchito pa china iye osadziwa. Anapereka imelo kuti azilandira za bungwe, osati makotesheni.

Wina ati, "Aaa, si nkhani ya kungofufuta?" Fufutani inu amene intaneti amakulipirirani ku ofesi. Mnzathu wa kalaibulale ka kusekondale ku Ndirande kapena ku Bangwe amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba, ndipo kalata yomuitana ku maphunziro imamira m'zinyalala zimenezo, n'kuiona tsiku litadutsa. Komanso mndandanda ukatuluka suyenda wokha. Kumbuyo kwa wamalonda weniweni kumabwera wakuba, ndi uthenga wooneka ngati wachokera kwa msungichuma: "tumizani ndalama ya umembala pa nambala iyi ya Mpamba kapena Airtel Money". Poti akudziwa dzina lanu ndi bungwe lanu, mukhulupirira. Amayi ena amaimbiridwa usiku ndi anthu amene ayamba ndi za mabuku n'kuthera kwina, ndipo ambiri amangoti phee.

Amalonda sitikuwathamangitsa ayi, mabuku ndi makompyuta timagula kwa iwo. Aike tebulo lawo pakhomo la holo, wofuna alembe yekha dzina lake pa pepala lawolo. Ngati ali ndi uthenga, apatse mlembi, mlembi ndiye atumize kwa okhawo amene anavomera.

Nanunso mamembala, lekani kulemba chilichonse chimene pepala lafunsa. Pa fomu ya umembala funsani kuti ndani aziona zimenezi. Ndipo a pampando, pamsonkhano ukubwerawu pepala losaina likhale m'manja mwa munthu mmodzi wodziwika, likatha kuzungulira lilowe mu envulopu tisanapite kukamwa tiyi.