Pemphero la m'miyezi ya njala, pamene nkhokwe yatsika

Pempheroli ndi la pabanja, la kumphakati kapena la kumvano. Mmodzi awerenge mokweza, mosathamanga. Pamene palembedwa kuti "tchulani", imani kaye, aliyense atchule zake ndi pakamwa, chifukwa kuyamika kwa chisawawa sikukhalitsa mumtima.

Atate wathu wakumwamba, Chauta Namalenga, tagwada pamaso panu m'miyezi ino ya Januwale ndi Febuluwale, pamene ufa tikuyeza ndi kapu. Chimanga cha chaka chatha chatha, cha m'munda sichinatulutse n'ngayaye zomwe. Tisanapemphe kanthu tayamba ndi kuyamika, pakuti mtima wanjala umawerenga zosowa zokhazokha, n'kuiwala zimene zili m'manja.

Zikomo chifukwa cha nkhwani, bonongwe ndi chisoso, ndiwo zimene mumatipatsa pa nthawi imene ndalama yogulira usipa kulibe. Zikomo chifukwa cha bowa ndi ngumbi, chifukwa cha mgaiwa ndi phala la madeya, chifukwa cha mnansi amene watibwereka mchere osatinena. (Tchulani zinthu zitatu zimene mwadya, mwavala kapena mwalandira sabata ino.)

Tikukumbukira kumene mwatichotsa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula mapiri ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Chiradzulu, ndipo anthu oposa 1,000 anatisiya. Mu Novembala chaka chomwecho kwacha inatsika mphamvu ndi 44 peresenti, mitengo ya feteleza ndi sopo n'kukwera. Mu 2024 ng'amba ya El Niño inawotcha minda, maboma 23 mwa 28 n'kulengezedwa kuti ali pa ngozi. Sitikunamizira kuti mabala anapola onse. Pali amasiye amene mpaka lero sadziwa pamene pagona okondedwa awo. Atonthozeni, Ambuye. Koma ife amene tikupuma tikuimika mwala wathu monga Samueli, n'kunena kuti kufikira pano mwatithandiza. (Tchulani tsoka limodzi limene munaganiza kuti simutulukamo.)

Inu amene munadyetsa Aisraeli mana zaka 40 m'chipululu, munawalamula kutola muyeso umodzi pa munthu tsiku lililonse, ndipo pa tsiku lachisanu ndi chimodzi miyeso iwiri. Amene anasunga mpaka m'mawa chifukwa cha mantha anapeza mphutsi ndi fungo. Tiphunzitseni kulandira chakudya chalero osadwala ndi nkhawa ya mawa. Mayi wamasiye wa ku Zarefati anali ndi kaufa kodzaza dzanja m'mbiya, timafuta m'nsupa ndi tinkhuni tiwiri. Simunamudzazire nkhokwe, Ambuye. Munangoletsa mbiyayo kuuma. Ngati umo ndi mmene mwasankhira kutidyetsa chaka chino, tipatseni maso oona kuti ndinu, tisamayembekeze thumba la makilogalamu 50 pamene mwatitumizira mbale.

Tsopano tikupempha. Titetezeni ku zosankha zimene njala imatikakamiza. Tisathamangire katapila, amene amatibwezetsa ngongole mowirikiza n'kutilanda mbuzi kapena munda. Tisakomedwe ndi ganyu m'minda ya ena mpaka wathu kumera tchire, pakuti chimanga chimene sichinapaliridwe m'masabata atatu oyamba chimadyeredwa ndi udzu, ndipo njala ya chaka chino imabala ya chaka chamawa. Amayi akamakonza chinangwa chowawa, apatseni kuleza mtima kuti achisende, achiviike m'madzi mpaka chifewe, achiyanike chiume, osafupikitsa masiku chifukwa ana akulira, pakuti chosaviikidwa bwino chimaledzeretsa ndipo chimapha.

Dalitsani minda yathu. Tipatseni mvula yogwa bwino, yosadukiza, yosakokolola mizere, makamaka pamene chimanga chikumasula ndi kubereka, nthawi imene ng'amba ya masabata awiri imasiya zitsononkho zopanda maso. Amene apeza kafeteleza kobereketsa, apatseni nzeru yothira m'dothi lonyowa, pambali pa phando, n'kukwirira, kuti kasauluke ndi dzuwa. Tidzutseni m'mamawa kukasuzumira m'mitima ya chimanga, pamene ntchemberezandonda zimabisala, kuti tikaona masamba obooka ndi ndowe zonga utuchi tichitepo kanthu mbozi zikadali zazing'ono. Pemphero lathu lisakhale chofunda cha ulesi.

Ndipo mukadzatipatsa zokolola, mutikumbutse Yosefe, amene anasunga gawo limodzi mwa magawo 5 m'zaka za mwanaalirenji. Tisadzagulitse chimanga motchipa mu Meyi n'kudzachigulanso modula mu Januwale. Tidzachiumitse bwino tisanachithire m'matumba, anankafumbwe ndi chuku zisadzatidyere thukuta.

Tikupempherera ana amene akupita kusukulu m'mimba muli pululu, amayi oyamwitsa, agogo olera adzukulu, ndi odwala amene mankhwala awo amafuna chakudya. Titetezeni ku kolera m'nyengo ino ya madzi akuda. (Tchulani mayina a mabanja amene mukudziwa kuti dzulo agona ndi njala.) Ngati m'nyumba mwathu muli mbale ziwiri za ufa, musatilole kupempherera mabanjawa n'kutseka chitseko.

Habakuku anakuimbirani mkuyu usanaphuke, m'minda mulibe chakudya, m'khola mulibe ng'ombe. Ifenso tikukutamandani lero, mphika usanakhale pamafuwa, chifukwa chifundo chanu chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse. Pamene chikhulupiriro chathu chachepa, tigwireni dzanja ndinu.

Tapempha izi m'dzina la Yesu Khristu, amene anayamika atanyamula mikate 5 ndi nsomba 2, khamu la anthu likadali ndi njala. Amen.