Musatiopseze ndi maperesenti, ife tili ndi thumba limodzi la yureya

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp la alimi a kuno kwa Mabuka ku Mulanje wina anaponya tchati chosonyeza kuti ulimi ndi umene ukutulutsa kwambiri mpweya wa nitrous oxide. Pansi pake analembapo kuti alimi tisiye feteleza. Ndagona nazo, ndadzuka nazo, ndiye mundilole ndilankhulepo.

Nkhani ya mpweyayo si yabodza ayi. Umatuluka m'nthaka momwemu. Mukathira yureya kapena manyowa, tizilombo tosaoneka ndi maso timadya nayitulojeni amene chimanga chasiya, ndipo nthaka ikakhuta madzi kunja kukutentha, timatulutsa mpweyawu. Ukakwera kumwamba umakhala zaka zoposa 100, ndipo kilogalamu imodzi imasunga kutentha ngati makilogalamu 273 a carbon dioxide. Akatswiri owerengetsa za dziko lonse anapeza kuti kuyambira 1980 mpaka 2020 mpweya wochokera ku ntchito za anthu unakwera ndi 40 peresenti, ndipo pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndi a ulimi. Ife amene tinaona Freddy akukokolola midzi mu Marichi 2023 sitingaseke nkhani ya kusintha kwa nyengo.

Pomwe ndikukana ndi pa mawu akuti gawo. Munthu wa mbuzi imodzi, mbuziyo ndi 100 peresenti ya ziweto zake, koma simunganene kuti ali ndi khola lalikulu. Ku Ulaya mafakitale opanga nayiloni ndi asidi wopangira feteleza ankatulutsa mpweyawu wambiri. Atawaika zipangizo zouwononga usanatuluke, gawo la mafakitale linatsika, la ulimi n'kuoneka lalikulu pa tchati, osati chifukwa alimi anawonjezera kuthira. Kuno mafakitale otero kulibe n'komwe. Ndiye gawo la ulimi lilekerenji kukula, poti palibe wina wogawana naye? Funso lenileni ndi lakuti mpweyawo ndi wochuluka bwanji, ndipo ukutuluka m'munda mwa yani.

Ku China, India ndi America gwero lalikulu ndi feteleza wa m'matumba. Mu Africa muno wambiri umachokera ku ndowe ndi mikodzo ya ziweto. Atsogoleri athu anakumana ku Abuja mu 2006 n'kugwirizana kuti tifike pa makilogalamu 50 a chakudya cha mbewu pa hekitala, chifukwa nthaka yathu ikufa ndi njala, ndipo maiko ambiri mpaka pano sanafikepo. Makuponi amene anayamba mu 2005 nthawi ya Bingu, mwana wa ku Thyolo, ndi AIP ya 2020, zonsezi zinabwera chifukwa mlimi wamba sakwanitsa kugula.

Mayi anga amathira feteleza ndi kachitsekerero ka botolo la Fanta, kamodzi pa phando, dzanja lina litatchinga kuti kambewu kangakhale kamodzi kasagwere pambali. Chaka chatha thumba limodzi anagawana mabanja atatu, poyezera ndi mbale ya ndiwo. Munthu ameneyu ndi amene mukumuuza kuti achepetse? Achepetse chiyani?

Ngati wina akufunadi kuyeza, ayambire m'minda ya tiyi. Sindikunena mwachipongwe, tiyi ndiye akudyetsa boma lino, inenso sukulu ndinaphunzira ndi ndalama yothyola masamba. Koma tiyi ndi mbewu ya masamba, imafuna nayitulojeni wambiri chaka ndi chaka, pa nthaka ya asidi, mvula ya m'mphepete mwa phiri ili wawawa. Pamenepo ndiye pali zoti n'kuwerengetsa, ndipo akatswiri a kafukufuku wa tiyi ali pa Mimosa pompa.

Komabe ndisadziyeretse. Januwale wina ndinachedwa kuthira wobereketsa, ndiye ndinangomwaza pamwamba m'mawa, mizere ili thapsa, kuthamangira basi ya ku Limbe. Malume anangoima pamalire n'kundiyang'ana. "Mphwanga, chimanga chimenechi wachimana. Wathirira mtsinje wa Ruo." Masana inagwa yamphamvu. Chaka chimenecho chimanga chinakhala chachikasu mpaka kumasula ngayaye.

Ndinadzawerengetsa pambuyo pake. Thumba la yureya la makilogalamu 50 lili ndi makilogalamu 23 a nayitulojeni. Pa mulingo umene akatswiri amagwiritsa ntchito, gawo limodzi mwa 100 limasanduka nitrous oxide, ndiye kuti magalamu 230 a nayitulojeni, amene amapanga magalamu pafupifupi 360 a mpweyawo. Koma mphamvu yake ikufanana ndi makilogalamu pafupifupi 100 a carbon dioxide. Wotayika wambiri sapita njira imeneyi: wina amauluka ngati ammonia, fungo lija limalasa m'mphuno, wina amatsika ndi madzi. Zonsezo ndi ndalama yanga, imene ndinaipeza movutikira.

N'chifukwa chake ine nkhaniyi ndimailowera pakhomo la thumba langa. Pano ndimaboola kadzenje ndi kamtengo pambali pa phando, kuthira, n'kukwirira ndi chidendene. Nthaka ikhale yachinyezi, osati matope. Nandolo sindimusiya m'chimanga, monga ankachitira agogo alangizi asanabwere, chifukwa mizu yake imakoka nayitulojeni wa mumpweya. Manyowa a Mbeya ndinayesako, kusakaniza feteleza pang'ono ndi ndowe, phulusa ndi madeya. Anandithandiza kutambasula thumba, ngakhale sindinganame kuti manyowa satulutsa mpweyawu. Amatulutsa, makamaka mulu ukangosiyidwa pamvula osafunditsa.

Mnzathu woponya tchati uja ndamulembera kumbali. Ndamuuza kuti achimwene, Loweruka mubwere ndi kamtengo kanu kosongola, pali mizere 40 ya mayi yofunika kukwirira feteleza mvula isanabwerere. Matiki awiri abuluu aoneka, yankho ndikudikirabe.