Nyumba yoti ukafuna buledi uyambe wayipasula? Ayi ndithu

Abale ndapsa mtima ndipo ndinena pompano. Sabata yathayi tinali ku Kruger, kumalo osungirako nyama zakutchire, ndi banja langa komanso alamu anga, ife tinakoka kalavani yathu yakale ija ya Jurgens, kanyumba ka matayala kogonamo, kumbuyo kwa pikapu, iwo anabwera ndi motorhome ya hayala, zija zoti galimoto ndi nyumba n'chinthu chimodzi. Tisananyamuke n'komwe ku Pretoria anali atayamba kale, ati alamu mukukokabe ngolo ngati ng'ombe za kumudzi, anzanu masiku ano akuyendera izi. Pamaso pa ana anga! Ndinangomeza malovu. Msewu wonse wa N4 iwo patsogolo, ife pambuyo pang'onopang'ono mpaka pa geti la Malelane.

Nanga titafika pa kampu ya Berg-en-Dal m'kati mwa Kruger? Ine ndinangomasula kalavani, kutsitsa miyendo yake inayi ija, kulumikiza chingwe cha magetsi, kukhoma tenti, basi nyumba yakhazikika mpaka tsiku lobwerera. M'mamawa geti likangotsegulidwa ife timalowa mu pikapu ndi fulasiki ya tiyi, ulendo kukaona nyama. Koma alamu aaa, ayambe azula chingwe cha magetsi, apinde tenti, atseke gasi, makapu ndi mbale alonge m'makabati kuopa kusweka, adzutse mwana amene wagona pa bedi lapamwamba pa dalaivala lija mwana akulira, ife tikudikira injini ikulira, dzuwa n'kutuluka mikango yalowa kale m'tchire. Tsiku ndi tsiku zomwezomwezo. Tsiku lachitatu pobwera madzulo anapeza malo awo a pamthunzi paja pakhala anthu ena, poti iwo akachoka amachoka ndi zonse, palibe chosonyeza kuti pamenepo pali munthu. Ndiye mkwiyo wonse kwa ine, ati bwanji simunatisungire malo. Ine? Wa ngolo uja?

Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chinthu chija ukachiona panja n'chokongola zedi, sindikukana, koma nyumba ndi galimoto sizifunika kumangidwa pamodzi. Nyumba izikhala, galimoto iziyenda, basi. Buledi watha, upasule nyumba. Ukufuna makala ku shopu, upasule nyumba. Mayi akufuna atsale aziphika nsima bambo apite ndi ana kukaona njovu, sizitheka, poti khitchini yapita nawo kokaona njovuko. Ndiye tchuthi chake chiti chimenecho? Ndipo tsiku limene injini idzafe panjira, makaniko akamakoka galimoto ndiye kuti akukokanso bedi lako, poto wako, zovala za ana, mukagona kuti usiku umenewo? Ine pikapu ikavuta ndimaisiya ku galaja, ana agona mu kalavani ngati palibe chachitika. Tikabwerera kunyumba kalavani ndimaiphimba pabwalo, pikapu Lolemba ili ku ntchito. Wogula motorhome injini yathunthu imangokhala chaka chonse kudikira December, batire kutha, matayala kung'aluka, laisensi n'kumalipirabe. Anthu amangotengeka ndi zithunzi za pa Facebook basi.

Musandiuze zoti kukoka n'kovuta, ndikudziwa. Kubwerera nayo chammbuyo kumatulutsa thukuta, ndipo kuno ku Joni ngolo ikapitirira makilogalamu 750 laisensi ya Code B siikwanira, pamafunika EB. Ine ndinapita kukayesedwa, ndinaitenga. Umavutika kamodzi n'kuphunzira, osati kumapasula nyumba m'mawa uliwonse ayi.

Ndipo poti ndatchula za laisensi, inu abale athu amene mumakoka mathilela a katundu kupita kumudzi kudzera pa Beitbridge mundimve. Thilela yadzaza mafiriji, mabedi, njinga, matumba mpaka kutalika kuposa galimoto yomwe ikuikoka, magetsi akumbuyo sakuyaka, tayala limodzi lafufuma m'mbali, tcheni chachitetezo palibe mwangomanga ndi waya, ndipo m'galimotomo mwanyamula ana a eni ake. Pobwerera ndinatsatira ina pa N4 ikuvina uku ndi uku usiku, mkazi wanga mpaka anagwira pamtima. Mukufuna muphe ndani?