Wodziwa kale yankho azikhala chete

Usiku wathawu, m'gulu lathu la WhatsApp la anthu amene tinaphunzira limodzi, aphunzitsi athu akale amene anapuma pantchito anaponya ndagi yamawu yokoma kwambiri. Iwo anati: "Ndine mphindi 60, mukandiika chilembo chimodzi kutsogolo, ndisanduka mawu a munthu amene wapeza zochepa koma akudzitonthoza, mukawonjezanso zilembo ziwiri kutsogoloko, ndisanduka ng'ombe zopita kwa makolo a mkwatibwi." Ndisanamalize n'komwe kuwerenga, mkulu wina anali atamata kale yankho lonse: ola, bola, lobola. Pansi pake anawonjezera monyadira kuti ndagiyo anaiona kale m'gulu lina. Zinandinyansa kwambiri, ndipo mpaka pano mtima wanga sunatsike.

Ngati munaiona kale, achimwene, chinakuvutani n'chiyani kukhala chete? Kukoma kwa ndagi sikuli m'yankho ayi, kuli m'kuvutika kolifunafuna, pamene munthu walemba "ola" papepala n'kumayesa chilembo chimodzichimodzi, kola, tola, pola, mpaka "bola" atatulukira yekha n'kumuseketsa. Amene wamata yankho waba nthawi imeneyo kwa anthu onse a m'gululo, ndipo sanasonyeze nzeru iliyonse, chifukwa kukumbukira zimene unauzidwa dzulo si kuganiza. Mwina ndi matenda ofuna kuoneka woyamba amene abwera ndi mafoniwa, kaya, koma mwano ndi mwano basi.

Aphunzitsiwo, poti ndi munthu wofatsa, anaponyanso ina yosinthanitsa zilembo: mawu amene amatanthauza kupereka ndalama kumsika, koma ukasuntha zilembo zake amayamba kuuwa. Mkulu yemweyo analumphira pomwepo kuti gula ndi galu. Ena tonse tinangokhala ngati alendo pamwambo wa eni. Mayi wina amene sakonda kulankhula m'gululo analemba kuti anali atatsala pang'ono kuipeza, ndipo sanalembenso kanthu usiku wonse. Kodi zimenezi n'zimene mumafuna?

Makolo athu ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Woponya akati "Ndagi!" ena ankayankha "Gize!", kenako aliyense ankayesa, n'kulakwitsa, n'kusekedwa, ndipo onse akagonja ankayamba apereka ng'ombe zapakamwa kwa mwini ndagi kuti aulule. Yankho linali ndi mtengo wake. Lero munthu akulitaya ulere pakati pa anzake amene akanatha kudzipezera okha kuti tema ndi meta, lima ndi mila, ngakhalenso kula ndi luka ndi zilembo zomwezo zongosinthana malo, kapena kuti samba amakula n'kukhala tsamba, kenako chitsamba. Wodziwa kale azidikira. Ngati chala chikuyabwa, alembe kuti "ndaidziwa" n'kusiya ena atuluke thukuta, kapena aponye ndagi yakeyake tione ngati m'mutumo muli kanthu.

Ndipo poti ndayamba kale kulankhula, inunso amene mumalemba Chichewa modumpha zilembo mukuwononga masewera omwewa. Ndagi yosinthanitsa zilembo imadalira chilembo chilichonse kukhala pamalo pake, ndiye munthu wolemba "garu" kapena "bhola" adzapeza bwanji yankho? Malamulo a kalembedwe ka Chichewa alipo kuyambira 1973, koma wina amatsutsabe aphunzitsi pagulu kuti ndagi yawo ndi yolakwika, chonsecho wolakwitsa ndi iyeyo.