Mawu akasowa pansi pa kanema, TV imeneyo yafa basi

Ndakwiya ndipo sindibisa. Amalume anga makutu anasiya kumva bwino kalekale, phokoso la m'mafakitale a kuno ku England linawapweteka, ndiye TV amaonera powerenga mawu aja amatuluka m'munsi, ma subtitle. Tinawalumikizira kakompyuta ku eriyo kuti kaziwajambulira nkhani ndi mapulogalamu awo akakhala agona. Sabata yatha pulogalamu ya m'kakompyutako, yojambulira ndi kuonetsera kanema, inadzisintha yokha usiku, kutacha mawu onse mbee, kulibe. Ndinakatengera kwa mnyamata wina wakwathu konkuno amene amakonza zoterezi. Iye kuyatsa, kuona zithunzi zikuyenda, kumva anthu akuyankhula, basi n'kundiuza kuti: "Achimwene, apa palibe vuto, kakugwira bwinobwino. Akuluwo angokweza voliyumu."

Angokweza voliyumu! Munthu sakumva, inu mukuti akweze voliyumu? Akweze mpaka pati, mpaka aneba aitane apolisi?

Tamverani anthu okonza makompyuta ndi inu olemba mapulogalamuwa. Kwa munthu wosamva, mawu olembedwa aja ndiye TV yeniyeniyo. Akasowa, chatsala ndi anthu ongogwedeza milomo pagalasi. Zithunzi zikanasowa mukanadumpha n'kunena kuti chinthu chawonongeka. Phokoso likanasowa mukanagwada pansi kufufuza zingwe. Koma akasowa ma subtitle mumati ndi kavuto kakang'ono, tidzaona mawa. Kakang'ono kwa ndani? Kwa inu amene makutu anu ali bwino. Amalume anakhala masiku angapo akuyang'ana woulutsa nkhani osadziwa ngati akunena za nkhondo kapena za mtengo wa gasi. Kumeneko n'kuitanira munthu ku ukwati kenako n'kumutsekera panja kuti azionera pawindo.

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'choti mawuwo alipo. Palibe amene akupempha chinthu chachilendo. BBC inayamba kuika ma subtitle mu 1979 kudzera pa Ceefax, masamba a mawu olembedwa amene ankatuluka pa TV ukadina nambala yake, ndipo amene anafika kuno kale akukumbukira kudina 888 pa rimoti. Ceefax inatsekedwa mu 2012 dziko lino litamaliza kusamukira ku TV ya digito, koma mawu sanathe, amabwera limodzi ndi kanema pa Freeview, TV ya digito yodzera pa eriyo. Kuyambira 2008 matchanelo akuluakulu a BBC amaika mawu pa mapulogalamu onse. Lamulo la Communications Act la 2003 limakakamiza matchanelo kuika ma subtitle, ndipo bungwe loyang'anira zoulutsa la Ofcom limalondola. Pali anthu olembedwa ntchito amene amakhala m'kachipinda kubwereza zimene woulutsa akunena kuti kompyuta izilembe nthawi yomweyo, n'chifukwa chake pa nkhani mawu amachedwako pang'ono. Amaikanso mitundu, woyera, wachikasu, wobiriwira, kuti wowerenga adziwe kuti tsopano wayankhula ndi wina. Ntchito yonseyi yagwiridwa, mawu ayenda mumlengalenga mpaka afika padenga la nyumba, kenako akufera m'kabokosi ka pabalaza chifukwa wina sanaone kuti n'zofunika kuyesa ngati akutuluka. Zamanyazi.

Chimene chinavuta sichinali chozama n'komwe. Pa TV ya digito ma subtitle amayenda paokha, pambali pa zithunzi ndi phokoso, ndipo pulogalamu ija itasintha inayamba kusunga zojambula mu mtundu wa fayilo wotchedwa MP4 n'kumataya mawuwo. Kubwezera kuti izisunga fayilo ya TS, imene imasunga zonse monga zabwerera pa eriyo, ndi kusankhanso English pa chiyankhulo cha ma subtitle, mawu anabwerera. Zimene zinajambulidwa m'masiku amenewo ndiye zinapita, mawu ake sungawabwezeremo chifukwa sanasungidwe. Ndipo inu amene mukuvutika ndi zomwezi, lekani kudinadina batani la subtitles pa rimoti ya TV. Kanema akamadzera pa chingwe cha HDMI cholumikiza kabokosi ku TV, TV imangoonetsa chimene yapatsidwa, mawu ayenera kuyatsidwa m'kabokosi momwemo. Abale athu a ku America nawonso n'chimodzimodzi ndi ma subtitle awo otchedwa closed caption, HDMI siwanyamula.

Nanga zimenezi wokonza uja sakanazipeza? Akanazipeza, mwina msanga kuposa ine, mutu wake umagwira. Sanafune kuyang'ana chifukwa m'maganizo mwake munalibe chowonongeka. Vuto ndi limenelo. Munthu wayesa ndi makutu ake n'kugamula kuti zonse zili bwino. Wolemba pulogalamu nayenso anayesa ndi makutu ake n'kuitulutsa. Batani loyatsira mawu analibisa mkatikati mwa ma settings moti nkhalamba singalipeze, koma la voliyumu lili poyera penipeni. Aliyense akuyesa ndi makutu ake. Bwanji osatseka phokoso kwa mphindi zochepa n'kuona ngati ungatsatire nkhani? Kuyesa kwake n'komweko, sikufuna digiri.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Inu anyamata amene mumayenda ndi ma earphone m'makutu tsiku lonse nyimbo zili pamwamba, mudzawafuna mawu amenewa, ndipo mudzakumana ndi mwana wina wokuuzani kuti mukweze voliyumu.

Ndisanaiwale, ifenso a Malawi tisadzione ngati oyera. Mavidiyo amene timaponya pa Facebook ndi pa WhatsApp, maulaliki, misonkhano ya mabungwe athu, mauthenga a maliro, ndi angati ali ndi mawu olembedwa? Munthu amajambula mphindi khumi akufotokoza za dongosolo lotumiza thupi kumudzi, tsiku, ndalama zosonkha, zonse pakamwa, osalemba ngakhale mzere umodzi pansi pake. Amalume ali m'magulu onsewa ndipo amasonkha nawo, koma amadikira wina awalembere zimene zanenedwa. Kenako pamsonkhano mumvekere akuluwa masiku ano sayankhapo kanthu pagulu. Ayankhe chiyani?