Kalasi ya simenti kugonja ndi mtengo wa mango

Dzulo mwana wanga wa sitandade 6 anabwera ndi ntchito ya Expressive Arts, akuti apange kanyumba ka makatoni. Ndikumufunsa kuti ufolera ndi chani, iye osaganiza n'komwe, "malata ababa, udzu ndi wa amphawi." Ndinaseka koma mpaka pano zikundivutabe mumtima.

Mwana yemweyutu October akafika amaweruka mutu ukuwawa. Kalasi mwawo malata ali pafupi ndi mutu, siling'i mulibe, mawindo ndi timabowo tija ta mabuloko, ana adzaza mpaka pakhomo, ndiye kutentha kwa kuno ku Salima mukukudziwa nokha, ikamakwana 11 koloko aphunzitsi amangowatulutsa kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Chipinda chodya matumba a simenti ambirimbiri kugonja ndi mango! Koma palibe amawafunsa anawo kuti kodi pansi pa mtengo pakuzizira bwanji pomwe mkalasi mukuotcha. Phunzirotu linali pomwepo.

Kwa agogo ake ku Khombedza kuli nyumba ya mdindo, makoma ochindikala, khonde lalikulu kuzungulira moti dzuwa silifika pakhoma, mvula nayo siyikukuta dothi. Masana ukalowamo umangoti fani ali pati. Sindikunena kuti tonse tibwerere ku udzu ayi, udzu uli ndi zake, chiswe, moto, kufolera pafupipafupi, ineyo ndimagona m'malata. Chikundiwawa ndi choti mwana akukula akudziwa kuti nyumba yabwino ndi yowala patali basi, nzeru zonse za agogo zija akuziona ngati umphawi.

Ndipo kuphunzitsa izi sikufuna ndalama. Zitini ziwiri, china chopaka choyera china chakuda, thiranimo madzi ziikeni padzuwa, pakatha ola ana apisemo chala okha. Tengani chikombole aumbe zidina, zina dothi lokha zina osakaniza ndi simenti pang'ono, zikauma azithire madzi aone yoyamba kusungunuka. Atulutseni panja nthawi ya mwera aloze komwe mphepo ikuchokera, kenako anene okha poyenera kukhala mawindo. Ana amakonda matope, simungawakakamize n'komwe.

Mu 2018 boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zikuluzikulu zamalonda chifukwa mauvuni akumaliza mitengo, komabe m'midzi mwathu chilimwe chikafika uvuni paliponse, mitengo ya mango yomweyo ndi imene ikugwetsedwa kukasonkhezera. Amatuta njerwazo ndani? Ana omwewa, pamutu, ulendo kusukulu kukamanga buloko ina yotentha ngati yoyambayo. Za madzi osefukira a ku Dwangwa mu 2024 sitinaiwale, mwana wa sitandade 7 ndi wamkulu ndithu kumva kuti kudambo sitimanga ndipo maziko amafunika okwera.

Aphunzitsi sindikuwada, kalasi yodzaza chonchija ngakhale ine ndingathawe. Koma ife makolo a mukomiti timangokangana za mtundu wa penti.

Kanyumba kaja tamaliza usiku ndi tochi. Taboola mawindo mbali ziwiri moyang'anizana, khonde la mlaza, siling'i ya timabango ngati mphasa. Pa malata pokha wakanitsitsa, akuti anzake amuseka, ndiye wamata pepala lonyezimira la mabisiketi pamwamba, wanyamula m'mawa uno osalola ngakhale mlongo wake kukhudza.